Ng'anjo ya ku Kapata: mmene ntchito yolimbitsa zitsulo yayendera chilimwe chino

Meyi

Zokolola zayamba kulowa m'nkhokwe, ndiye shopu yathu ya kuno ku Kapata, mu Chipata, yapeza mpata woyamba ntchito imene takhala tikuizengereza: kumanga ng'anjo imene chitsulo chingapseremo osakhudzidwa ndi mphepo yakunja. Ndizilemba pano mwezi ndi mwezi kuti anzathu osula ndi owotcherera a ku Katete, Petauke, Lundazi, ngakhale a tsidya la malire a Mwami, aziona pamene tafika.

Pa zimene timapanga, zofuna kulimbitsidwa pamoto zilipo za mitundu itatu. Masheya a pulawo ndi mano a ripa, chong'ambira mizere m'munda, timasula ku masipuling'i akale a malole. Mahamala a chigayo timadula ku chitsulo wamba chogula kuhadiweya. Ndiye pali mapanchi ndi madayi athu obowolera mabowo a mabawuti, amene chitsulo chake n'chodula kwambiri moti kuwononga kamodzi kokha mutu umawawa. Dandaulo la alimi dzinja lathali linali limodzi: sheya ikuoneka yabwino pogula, koma ikalowa m'dothi la mchenga mlomo wake ukuphwa msanga.

Tinamanga sheya imodzi yobwezedwa pavaisi n'kuipala ndi tupa. Pamwamba tupa linadya bwinobwino, unga wa chitsulo n'kumayoyoka. Titazama ngati theka la milimita, tupa linayamba kutsetsereka, kumangolira osadyanso. Ndiye kuti m'kati sheyayo ili gwa, chofewa ndi khungu. Kumlomo, kumene sheya ndi yopyapyala, khungu lofewalo limachokera uku ndi uku n'kukumana pakati, cholimba osatsalapo. Ndipo mlomowo ndi umene umalima.

Chimene chimalimbitsa chitsulo cha sipuling'i ndi kaboni, amene amakhalamo pang'ono chabe, cha m'ma 0.6 peresenti. Ukachitenthetsa kupitirira madigiri 800 kaboniyo amasungunukira m'chitsulo chonse, ndipo ukachiviika mwadzidzidzi amasowa nthawi yotulukira, n'kupanikizika momwemo. Kupanikizikako ndiko kulimba. Vuto ndi lakuti mpweya umene timapumawu, kupatula naitirojeni amene ndi 78 peresenti, uli ndi okosijeni 21 peresenti, ndipo chitsulo chikafiira okosijeniyo amachita zinthu ziwiri. Amadya chitsulo chenichenicho n'kusiya makoko akuda aja amayoyoka pansi pa nyundo. Amakokanso kaboni wa pamwamba n'kuuluka naye. Nthunzi ya madzi ndi carbon dioxide nazo zimaba kaboni chimodzimodzi, ndipo zonsezi zimapezeka m'malawi a moto uliwonse. Makoko aliyense amawaona ndipo amawagogoda n'kuchoka. Kutha kwa kaboni sikuoneka, mpaka mlimi atabwera ndi sheya m'thumba la feteleza kudzakufunsa kuti munandigulitsa chiyani.

Cholinga cha ntchitoyi ndi chimenecho basi: kaboni amene walowa m'ng'anjo ali m'chitsulo atulukenso ali momwemo.

Juni

Ng'anjo yaima. Kunja ndi dilamu la malita 200 logonekedwa chammbali, m'kati tayalamo njerwa zopepuka zimene tinaumba tokha ndi dongo la pachulu losakaniza ndi utuchi. Utuchiwo ukapsa umasiya timabowo, ndipo timabowo ndi timene timasunga kutentha. Moto ndi wa gasi wophikira, wolowera chammbali kuti malawi azizungulira khoma, osawomba chitsulo mwachindunji.

Panali kukangana pang'ono ngati tiike mawaya a magetsi. Ng'anjo ya magetsi ya makilowati 3 ndi yaukhondo ndipo kutentha kwake sikuvuta kuwongolera. Koma tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumabwera maola ochepa patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ntchito zina za ng'anjoyi zimafuna maola 6 moto osatsika. Magetsi atathima pakati, katundu yense wapita. Gasi ndi wodula, koma silinda umaiona ndi maso ndipo umadziwa pamene yafika.

Nthawi yambiri mwezi uno yathera pa choyezera kutentha. Tagula thermocouple ya mtundu wa K ndi kawotchi kake. Chida chotchipa sichikhulupiriridwa chisanayesedwe, ndiye tinachiyesa ndi zinthu zimene kusungunuka kwake n'kodziwika. Madzi owira anaonetsa 96, ndipo pamenepo palibe cholakwika, chifukwa Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo kuno madzi safika 100. Kenako aluminiyamu wa m'nthambo za magetsi, amene amasungunuka pa 660. Wa mapoto oumba kumsika ayi, ameneyo ndi wosakaniza. Pomaliza mchere wa pandiwo, umene umasungunuka pa 801. Ukaika mutu wa thermocouple m'kachitini ka mchere n'kumatenthetsa pang'onopang'ono, manambala amakwera, kenako amaima kwa kanthawi pamene mcherewo ukusanduka madzi, ndiye n'kuyambanso kukwera. Pamene aimapo ndi pamene timayang'ana. Chathu chinaphonya ndi madigiri ochepa, ndipo tawalemba ndi choko pakhoma.

Atsibweni anga, amene akhala akusula makasu ndi nkhwangwa cha ku Chadiza kuyambira ine ndisanabadwe, anabwera kudzaona. Anayang'ana kawotchiko nthawi yaitali.

“Mphwanga, ndiye kuti maso anatha ntchito?”

“Ayi atsibweni, maso anu ndi a zaka zambiri. Anyamatawa adzawatenga kuti?”

Madzulo dzuwa litalowa tinawayesa. Amati akanena kuti chapsa, viikani, kawotchi kamakhala kali pafupi ndithu ndi pamene pafunika. Koma masana, dzuwa likuwala m'shedi, tonse ndi iwo omwe tinkaona chitsulo ngati sichinapse pamene chapitirira kale. N'chifukwa chake iwo saviika chitsulo masana. Za maginito nazo tagwirizana: amasiya kugwira pa madigiri 770 kapena pafupi pamenepo, pamene chitsulo cha sipuling'i chimafuna pakati pa 830 ndi 860. Maginito akasiya kugwira ndiye kuti watsala pang'ono, sunafike.

Julayi

Chitetezo choyamba chimene tayesa n'chakale ndipo n'chotchipa: bokosi la makala. Tawotcherera bokosi la chitsulo cha mamilimita 6, la chivundikiro cholowa m'kati. Pansi timayala makala osinja, misinkhu yake ngati njere za chimanga, osefa fumbi ndiponso oumitsidwa pamoto. Pamwamba pake masheya, osagundana, kenako makala ena mpaka kudzaza. M'mbali mwa chivundikiro timamata dongo losakaniza ndi mchenga, kusiya kabowo kamodzi kopumira.

Zimene zimachitika m'katimo ndi izi. Okosijeni wochepa amene watsekeredwa pakati pa makala amapsa msanga n'kukhala carbon dioxide. Kutentha kukapitirira madigiri 700, carbon dioxide uja amadyanso makala n'kusanduka carbon monoxide, ndipo ameneyu saba kaboni wa m'chitsulo, amachita kuwonjezera. Ndi mpweya womwewo umene makolo athu ankaudalira m'ng'anjo zawo zadongo, kuti uchotse okosijeni m'miyala ya chitsulo, m'nthawi imene makasu a Amaravi ankayenda malonda mpaka kumadera a Zambezi. Umaonekanso ndi maso: bokosi likapsa, pa kabowo kaja pamatuluka kalawi ka buluu, kakang'ono, kosagwedezeka. Dongo likang'ambika penapake, kalawi kena kamatulukira pomwepo, ndiye umadziwa poti umate.

Kalawiko kakutikumbutsanso kuti mpweyawu ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'mwezi ngati uno. Sununkha. Ng'anjo taiika m'shedi yopanda makoma mbali ziwiri, ndipo lamulo ndi lakuti wina akamva mutu kapena chizungulire atuluke, anene, osadzilimbitsa.

Makala salola kutentha kudutsa msanga. Khoma la bokosi limafiira kale pamene pakati padakali pozizira, choncho thermocouple taizika pakati pa makala ndipo nthawi timawerenga kuyambira pamene pakatipo pafika 850. Kuchokera apo mphindi 20 kapena 30 zimakwana pa sheya. Tikatsegula, mmodzi amakoka sheya ndi ngowe, wina amaikutumula makala, n'kuiviika chamlomo m'mafuta. Mafuta ndi a mpendadzuwa, ofunditsidwa mpaka madigiri 50 kapena 60, chifukwa ofunda ndi opyapyala ndipo amaziziritsa chitsulo mofanana paliponse. Oilo wakuda wa mu injini tamusiya. Utsi wake ndi woipa, ndipo ngati muli madzi pansi amathovoka n'kulavula moto.

Masheya atuluka otuwa, osalala, ndipo tupa likutsetsereka kuyambira pamwamba penipeni. Tisanawasiye kuti azizirire timawabwezera pamoto wochepa wa madigiri 420, kwa ola limodzi ndi theka, kuti ukali uchepe. Kubwezako, kumene mabuku amati tempering, sikudikira mawa. Chitsulo chongoviikidwa kumene chimatha kung'aluka chokha usiku chili pabenchi. Matebulo amasonyeza kuti chitsulo cha sipuling'i chikabwezedwa pamenepo chimakhala cha m'ma 45 pa muyezo wa Rockwell C, kulimba kokwana kulima koma kosathyoka sheya ikagunda chitsa.

Bokosi lina linakhalitsa pamoto kudikira kuti mafuta azizire, ndipo masheya ake milomo inabenthuka poyesa ndi nyundo. Anamwa kaboni wambiri. Apa taphunzirapo kuti makala atsopano ndi aukali, ndipo pa masheya tikugwiritsa ntchito ogwira kale ntchito, osakaniza ndi zopala za cast iron zimene timatola kwa opala ma brake drum. Zopalazo zili ndi kaboni wokwana kudya okosijeni koma sizipatsa chitsulo wambiri.

Pa mahamala a chigayo ukali womwewo ndiwo tikuufuna. Chitsulo wamba chili ndi kaboni wa m'ma 0.2 peresenti, ndipo ngakhale uchiviike m'madzi oundana sichilimba kwenikweni. Ndiye timachidyetsa kaboni dala. Makala atsopano a tsanya ochokera kuchigwa, kuthirako soda gawo limodzi pa magawo 10 kuti carbon monoxide achuluke, n'kusunga bokosi pa madigiri 920 kwa maola 5 kapena 6. Mabuku akale amatchula barium carbonate, koma ameneyo ndi poizoni, sitikumufuna pashopu pamene ana amadutsa. Pachivundikiro taboolapo timabowo tolowetsa timitengo ta chitsulo chomwecho. Nthawi ikamapita timasolola kamodzi, kuviika m'madzi, kuthyola. Pothyokapo pamaoneka mkombero wosalala, wotuwa, wozungulira mtima wokhakhala, ndipo kukula kwa mkomberowo ndiko kuzama kwa kaboni. Ukafika milimita imodzi timazimitsa moto. Bokosi limazizira lokha. Mawa lake timatenthetsanso mahamalawo mpaka 790, kuviika m'madzi, kubweza pa 180. Kuviika mwachindunji kuchokera pa 920 kumafulumira, koma njere za chitsulo zimakhala zitakula chifukwa chokhalitsa pamoto, ndipo hamala yothyoka m'chigayo chikuthamanga imang'amba sefa, mwina n'kuvulaza munthu.

Ogasiti

Madayi ndi mapanchi sitingawaike m'makala. Chitsulo chake ndi cha mtundu wa O1, chimene chili kale ndi kaboni wa m'ma 0.9 peresenti, ndipo akawonjezekera m'makona akuthwa, makonawo amabenthuka pa ntchito yoyamba. Sitingathenso kupala khungu lofewa pambuyo pake, pakuti m'bowo la dayi gulainda salowamo ndipo muyezo wa bowolo sufuna kusintha. Apa m'pamene pakufunika mpweya wa m'silinda.

Silinda ya naitirojeni yachokera ku Lusaka, makilomita opitirira 550 pa Great East Road, ndipo ikatha idzayenda ulendo womwewo kubwerera. Tisanatsegule valavu n'komwe, mtengo wa mayendedwe watiuza kale kuti mpweyawu si wowotchera chilichonse.

M'ng'anjo talowetsamo paipi ya stainless, mamilimita 150 m'mimba mwake, 500 m'litali, yotseka kumapeto kumodzi. Kukamwa kwake kwatulukira kunja kwa njerwa kuti chitseko chisapse. Malawi amanyambita paipiyo kunja, m'kati mumangoyenda naitirojeni. Malo a m'katimo ndi pafupifupi malita 9. Mpweya watsopano ukamalowa umasakanikirana ndi wakale, sikuti umangoukankha n'kutuluka wonse, choncho kuthira malita 9 sikukwana. Masamu ake amati ukathira katatu kuchuluka kwa paipiyo okosijeni amatsika kuchoka pa 21 kufika cha pa 1 peresenti, ndipo ukathira kasanu amatsala wosakwana 0.2. M'mafakitale lamulo lofala ndi kasanu. Kwa ife ndi malita 45, kutanthauza mphindi 9 pa malita 5 pa mphindi, kenako kuchepetsa kuti uzingoyenda pang'ono mpaka ntchito ithe.

Zoyesera zoyamba zinatuluka zokongola, zotuwira, zopanda khoko ngakhale limodzi. Anyamata anayamba kujambula ndi mafoni. Koma pamodzi ndi zoyeserazo tinali titaikamo mboni: katsamba ka feeler gauge ya amakaniko, kopyapyala mamilimita 0.2, ka chitsulo cha kaboni wambiri. Kanthu kopyapyala chotero kakataya kaboni kamataya thupi lonse. Ukakaviika n'kukapinda ndi pulayala, kakathyoka ndiye kuti kaboni alimo, kakapindika ndiye kuti wapita. Kathu kanapindika mwakachetechete mpaka nsonga zinakumana. Atsibweni, amene anali atabwerera kuno akuchokera ku Kulamba ku Mkaika, anakatenga, kukatembenuza, n'kuti, “Chikomekome cha nkhuyu, mphwanga.” Kungoti apa nyerere zinali pakhungu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya chilimwe chino, ndipo ndikufuna anzanga amene akuganiza zogula silinda amve. Naitirojeni salimbana ndi okosijeni. Amangodzaza malo. Okosijeni kapena chinyontho chikalowa pang'ono, palibe chimene amachita nacho. Ndipo pang'onopo ndi poipa mwapadera, chifukwa n'pokwana kuba kaboni koma n'posakwana kupanga makoko. Pamoto wapoyera makoko amadyako gawo lina la khungu lofewalo n'kugwa nalo, komanso amakuchenjeza kuti pala. M'paipi yodontha chitsulo chimatuluka chosalala, umachikhulupirira, n'kuchipereka chili chofewa. Chitetezo cha theka chimanamiza kuposa kusakhala nacho.

Tinasaka modutsa mphepo ndi thovu la sopo. Pachitseko panali pofufuma, pa joini ya hosi panalinso pena. Hosi ya labala taichotsa, taika kapaipi ka mkuwa. M'kati mwa paipi munali thireyi yachitsulo yadzimbiri, ndipo dzimbiri palokha ndi nkhokwe ya okosijeni, ikatentha imamupereka. Taikwecha mpaka kuwala. Zolowa m'ng'anjo tsopano timazitsuka ndi sipiriti kuchotsa oilo ndi thukuta la m'manja, n'kuziumitsa. Potulukira mpweya talumikiza kapaipi kolowa m'botolo la mafuta, kozama mamilimita 30. Thovu likamatuluka m'botolomo phwi, phwi, ndiye kuti m'paipi mpweya uli ndi mphamvu kuposa kunja, ndipo ngati pali podontha, ukutuluka, sukulowa. Thovu likasiya, wina athamangire ku valavu.

Chomaliza, pamene naitirojeni amalowera, m'gawo lotentha, taikapo kathireyi ka makala ouma, kutali ndi madayi. Okosijeni wotsalira amayamba wakumana ndi makalawo asanafike pachitsulo. Titakonza zonsezi mboni inathyoka kuti thyo, chidutswa n'kuulukira kuseri kwa benchi. Madayi enieni tinawaotcha pa madigiri 800, kuviika m'mafuta, kubweza pa 200 kwa maola awiri mu uvuni wa kukhitchini. Anatuluka ndi mtundu wa udzu wouma, ndipo tupa loyesera la 60 pa muyezo wa Rockwell C likungowakanda movutikira. Masekondi ochepa a pakati pa chitseko ndi mafuta amangodetsa khungu, sawononga kanthu.

Naitirojeni naye amapha, ngakhale si poizoni. Akadzaza malo otseka amachotsa okosijeni, munthu n'kugwa osamva kubanika. Silinda siilowa m'sitolo, imakhala m'shedi, yomangidwa ndi tcheni ku mzati.

Sepitembala

Mnyamata wathu amene anaphunzira ku sukulu ya zaumisiri wabwera ndi maganizo oti tizidonthezera sipiriti m'paipi, monga amachitira m'mafakitale. Sakunama, amaterodi, ndipo ndi bwino tifotokoze zimene akuluakuluwo amachita kuti zimveke chifukwa chimene takanira.

Fakitale yolimbitsa magiya kapena mabering'i siidalira mpweya wongodzaza malo. Imafuna mpweya umene uli ndi mphamvu ya kaboni yofanana ndi ya chitsulo chimene chili m'ng'anjo, kuti usabe, usawonjezere. Wotchuka kwambiri ndi endothermic gas. Amasakaniza gasi woyaka ndi mphepo yochepa, n'kupititsa pa nickel wotentha kupitirira madigiri 1,000. Ngati gasiyo ndi methane, chotuluka chimakhala pafupifupi 20 peresenti carbon monoxide, 40 haidirojeni ndi 40 naitirojeni. Ena amapeza zofanana ndi zimenezi pothira methanol mu naitirojeni, pakuti methanol akatentha amagawika kukhala carbon monoxide ndi haidirojeni. Ali ndi zida zoyeza chinyontho kapena okosijeni wa m'ng'anjo nthawi zonse, ndipo makina amawonjezera gasi kapena mphepo okha. Thanki ya mafuta imakhala m'kati momwemo, kuseri kwa chitseko, moti chitsulo chimaviikidwa chisanaone kunja. Ofewetsa stainless kuti atuluke wowala amagwiritsa ntchito haidirojeni wouma kapena ammonia wogawidwa, amene amapereka 75 peresenti haidirojeni ndi 25 naitirojeni. Opanga zida zodula kwambiri amapopa mpweya wonse kuti m'ng'anjo mukhale mopanda kanthu. Ngakhale mkuwa wa ku Copperbelt ukamakokedwa kukhala waya umauma ndipo umafuna kufewetsedwa, ndipo m'mafakitale a mawaya kawirikawiri amauphimba ndi nthunzi kapena naitirojeni kuti usade. Haidirojeni amawononga mkuwa umene uli ndi okosijeni m'kati, amapangamo nthunzi imene imaung'amba. Mpweya woteteza chitsulo china ndi mdani wa china.

Tsono haidirojeni amayaka akakhala paliponse pakati pa 4 ndi 75 peresenti mu mphepo. Lamulo la m'mafakitale ndi lakuti mpweya woyaka sulowa m'ng'anjo imene sinafike madigiri 750, chifukwa pamwamba pa pamenepo ukakumana ndi mphepo umangoyaka, koma pansi pake umaunjikana n'kudikira kuphulika. Iwo ali ndi malawi otchinga pakhomo ndi mavalavu amene amatsegula naitirojeni okha moto ukazima. Ife tili ndi munthu woyang'ana botolo. Bana yathu, yotulutsa moto wa gasi, itazima mphepo ya Sepitembalayi ikawomba, paipi n'kuzizira sipiriti akudonthabe, chitseko chija chikhoza kupezeka kumsewu. Komanso sipiriti wa m'mashopu si methanol weniweni, wambiri ndi ethanol wokhala ndi madzi, ndipo angatidzazire mwaye. Mnyamatayo wamva, ngakhale nkhope yake ikuti nkhaniyi adzaiyambanso.

Wina anafunsa ngati angagwiritse ntchito silinda yake yowotcherera. Ngati ndi argon yekha wa TIG, inde, amagwira bwino, kungoti ndi wodula kuposa naitirojeni. Ngati ndi wosakaniza wa MIG, ayi ndithu. Muli carbon dioxide, ndiye mudzakhala mukulipira ndalama kugula wakuba kaboni.

Mwezi uno tayesanso thermocouple ndi mchere, ndipo yayamba kuonetsa manambala otsika kuposa a mu Juni. Mtundu wa K uli ndi matenda akeake: ukakhalitsa pamalo otentha a okosijeni wochepa, monga m'bokosi la makala, waya umodzi umadyeka n'kubiriwira, ndipo kawotchi kamawerenga zochepa. Kuopsa kwake n'kwakuti umawonjezera moto poganiza kuti sunafike, pamene wapitirira. Yatsopano taiveka kapaipi ka stainless kotseka kunsonga, ndipo kuyesa ndi mchere kwalowa pa kalendala ya mwezi uliwonse.

Okutobala

Kwatentha moti ng'anjo tikuyatsa mbandakucha. Alimi a ripa ayamba kale kung'amba mizere m'nthaka youma kudikira mvula, ndiye mano athu akuyesedwa pamalo ovuta kuposa onse. Tinawadinda madontho: limodzi pa owotchedwa pamoto wapoyera monga kale, awiri pa a m'bokosi la makala. Alimi sitinawauze tanthauzo lake. Dzino lililonse tinaliyeza pasikelo lisanapite, ndipo likabwera tikuliyezanso. Amene abwerako kuchokera cha ku Chadiza ndi Vubwi akusonyeza kuti a madontho awiri akusunga nsonga, ndipo palibe lothyoka. Masheya a pulawo adikira mvula ya Novembala. Mahamala ali m'chigayo china kuno m'tauni, ndipo mwini wake sanawatembenuzebe, pamene akale akanakhala atawatembenuza kale.

Maganizo anga pakali pano ndi awa. Pa masheya, mano a ripa ndi mahamala, bokosi la makala likukwana, ndipo silinda ilibe malo. Makala omwewo amabwerezedwa kangapo, kungowonjezerako atsopano pang'ono, choncho thumba limodzi likukhalitsa kuposa mmene chipala chimadyera. Naitirojeni ndi wa madayi ndi mapanchi okha, ndipo tiziwasonkhanitsa kuti alowe pamodzi. Amene ali ndi zida zawo zofuna kulimbitsa akhoza kubweretsa kuti tidzaze paipi, bola anene mtundu wa chitsulo. Chosadziwika mtundu tiziyamba tadulako kachidutswa n'kuyesa. Ndipo kaya ndi m'bokosi kaya ndi m'paipi, palibe katundu wolowa wopanda mboni yake.

Zotsala zilipo. Tapatsidwa dayi ya chitsulo cha D2, chimene chimafuna madigiri 1,020 ndipo chimalimba pongozizira mu mphepo. Paipi yathu ndi ya stainless wa 304, ndipo pamoto wotero siikhalitsa. Pafunika ya 310, apo ayi tikulunge dayiyo m'pepala la stainless lopinda kawiri m'mbali, monga amachitira opanga mipeni, n'kuiika m'ng'anjo popanda paipi. Pepalalo taitanitsa, likubwera ndi basi ya ku Lusaka. Njerwa ziwiri za pafupi ndi bana zayamba kunyenyeka ndipo ziumbidwenso mvula isanayambe, dongo lisanavute kuuma. Thanki ya mafuta ilibe chivundikiro cha mahinji chozimira moto, tikungodalira lata lotsamira pambali. Chimenecho ndicho chowotcherera sabata ino, ndipo mpaka chitatha palibe kuviika.